A Fotokozani ndi Ufulu wa Mpongozi Wawo

A Fotokozani sankalandira moni waulere. Munthu akati, "Mwadzuka bwanji aphunzitsi?" ankayankha kuti, "Ndadzuka. Fotokozani chimene chinayambitsa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse." Anali atapuma kalekale pantchito yophunzitsa mbiri yakale, koma mayeso anapita nawo kunyumba. Wogulitsa nyama akangowaona ankabisala kuseri kwa mwendo wa ng'ombe.

Mpongozi wawo, namwino wa pachipatala, ankawaopa ndi kuwagomera nthawi imodzi. Tsiku lina anaonera pawindo telala ndi makaniko, oyandikana nyumba, atagwirana makolala chifukwa cha madzi ochapira odutsa pansi pa mpanda. Mkuluyo anatuluka ndi mpando, nakhala pakati pawo.

"Madziwa ndi chifukwa chapafupi," anatero. "Ine ndikufuna chakutali."

Posakhalitsa makaniko, chimunthu chonga kabati, anali akusisima kuti telala sanamuitane ku ukwati wa mwana wake. Nkhondo inathera pomwepo. Namwinoyo anangogwira pakamwa.

Koma iye ndi mwamuna wake anali atatopa ndi kachipinda kakuseri m'nyumba ya mkuluyo, yemwe anali wamasiye. Mwamunayo akafuna kunena, mawu ankamuthawa. Ndiye mkazi analimba mtima.

"Bambo, tapeza nyumba. Tikufuna kusamuka."

A Fotokozani anavula magalasi pang'onopang'ono. "Ndiye kuti mukufuna ufulu wodzilamulira?"

"Eya, bambo."

"Mwa zokambirana, kapena mwa nkhondo?"

Mpongoziyo anayankha: "Zokambirana zikakanika, bambo, masutikesi tamanga kale."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsamwa. "Mwana wanga ndamuphunzitsa moyo wake wonse, koma mtsogoleri wa zigawenga ndinu, mayi!"

Tsiku losamuka a Fotokozani anavala suti, naitana msewu wonse. Anatsitsa nsalu ya patebulo pachingwe choyanikira ngati mbendera, naipinda mwaulemu, kuipereka kwa mpongozi.

"Atsamunda ena pochoka amazula ndi mababu omwe. Ine ndikukupatsani sofa. Koma kazembe wanu azibwera Lamulungu lililonse."

Anthu anafa nalo phwete. Namwino yekha, polandira nsaluyo, ndiye anaona kuti mkuluyo akuchedwa kuisiya. Mpongoziyo sanatumepo kazembe, ankapita yekha.

A Fotokozani atadwala, ndi iye amene anawasamalira. Mmawa wotsiriza anatsegula maso, nayang'ana achibale atazungulira bedi, aliyense atawerama.

"Nthawi yakwana," ananong'ona. "Ikani zolembera pansi."

Kumaliro kunabwera ophunzira awo akale, anthu a imvi, ena ovala mikanjo ya kukhoti, ena mayunifomu a usilikali. Bokosi likutuluka, onse anaimirira nji, manja kumbuyo, monga ana mphunzitsi akamalowa m'kalasi.

Namwinoyo amadutsabe mumsewumo pochokera kuntchito. Muli zii, ngati m'chipinda cha mayeso woyang'anira atatuluka pang'ono, ndipo mpaka lero palibe amene walimba mtima kuyankhula mokweza.