Zimbale za Alamu M'munda mwa Apongozi

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa, koma poti pamsika wa Milange ngakhale amayi ogulitsa tomato akuidziwa, bola ndiinene ndekha. Ena akamaifotokoza amathira mchere wambiri. Ine sindithirapo kanthu, manyazi ake ndi okwana kale.

Ndine Zuze, mkamwini amene watha zaka zambirimbiri osayamikidwapo. Tinabwerako ku kampu ku Malawi nkhondo itatha, ine ndili kamnyamata, kumutu nditasenza mphika ndi bulangete. Chibwerereni ndayesa zonse, abale. Ndinayamba kuolotsa chimanga kupita ku Muloza, chinafumbwa. Ndinaweta nkhuku, chitopa chinasesa khola lonse. Ndinayesa kunyamula anthu pa njinga, ndinagwetsera mayi wina wa kwaya mu ngalande, yunifolomu yake yoyera ili m'thupi. Kwawo kwa akazi anga, mayi a Tereza, dzina langa likatchulidwa anthu amangousa moyo.

Ndiye kunabwera alamu anga a Alubeto, mlongo wawo wa mayi a Tereza, amene amagwira ntchito ku Joni. Anabwera ndi makina a gemu, aja olumikiza ku TV, pamodzi ndi zimbale zisanu ndi zitatu zonyezimira. Ine ndinali nditamanga kabaraka, kanyumba kochitiramo bizinesi, pafupi ndi msika, ndi njerwa zotola pabwinja la sitolo ina imene inagwa nthawi ya nkhondo. Kabarakako kanali ndi chitseko, kanali ndi loko, koma kanalibe choti n'kutsekera.

"Alamu," anatero a Alubeto, "anyamata a kuno ali ndi njala ya gemu. Makina ndi anga, baraka ndi yanu. Mukayendetsa bwino, chaka chamawa ndibweretsa ena. Koma mudziwe kuti uwu ndi mwayi womaliza. Amayi andiletsa katatu konse kuti ndisakupatseni."

Amayi akunenedwawo ndi apongozi anga. Ndinalonjeza kuti ulendo uno aona okha.

Poti mu baraka munali musanalowe magetsi, makinawo tinakawayesera kwa ometa tsitsi. A Alubeto anatenga chimbale chimodzi n'kuchikweza m'mwamba ngati wansembe.

"Onani, alamu. Gemu mukhoza kuisewera kuchokera pa chimbale. Koma chimbale chikamazungulira tsiku lonse chimatentha, makina amalira ngati chigayo, gemunso imachedwa kutseguka. Ndiye timapanga install. Gemu imasamuka n'kukakhala m'mimba mwa makina, mu hard drive."

"Yonse?"

"Yonse."

"Osatsalako?"

"Osatsalako."

Ndinaona ndi maso angawa. Amalowetsa chimbale, kamzere pa TV n'kumadzadza pang'onopang'ono, kakafika kumapeto amachitulutsa n'kulowetsa china. Mpira, nkhonya, mpikisano wa magalimoto, zonse zinalowa. Atamaliza anandipatsa zimbale zija m'manja.

"Koma chinthu chimodzi musaiwale. Zimbalezi..."

"Ndamva, alamu, ndamva! Ifenso kusukulu tinapondako!"

Ndinawadula dala. Ometa tsitsi ndi makasitomala awo anali tcheru, ndipo sindinafune kuti aone ine ndikuphunzitsidwa ndi munthu amene ndinamuona akuyenda wopanda kabudula ku kampu. Apo minibasi ya ku Mocuba inaliza hutala, a Alubeto n'kuthamangira. Ankapita ku Quelimane kukakonza mapepala awo, akatha masabata awiri. Tinapangana kuti Loweruka lobwerera iwo ndilo lotsegulira baraka.

Tsono mumvetse mutu wa munthu wokulira ku kampu. Kumene kuja chimanga chikakhuthulidwa, thumba silinkatayidwa ayi. Thumba linkasanduka chitseko, mphasa, denga. Ineyo ndinavalapo kabudula wa thumba, zilembo zikuluzikulu zili kumbuyo, anzanga n'kumaphunzirira kuwerenga pa ine. Ndiye nditakhala pakhonde ndi zimbale zija, mutu unayamba kugwira ntchito. Magemu akhuthulidwa, ali m'nkhokwe mwawo. Izi ndi matumba opanda kanthu. Kuzisiya zingokhala, limenelo ndi tchimo!

Tsiku lomwelo mayi a Tereza anabwera kuchokera kumudzi nkhope ili yakugwa.

"Bambo a Tereza, mpheta zikumaliza mapira a amayi. Nkhalamba ija ikuswera m'munda kukuwa, mawu achita kutha."

Ha! Ndinamva ngati mngelo wandinong'oneza. Ndinaotcha msomali pamoto, n'kuboola chimbale chilichonse cha m'mphepete kuti chingwe chigwire bwino, chizizungulira ndi mphepo. Bowo lapakati lija ndinaliona kuti ndi lalikulu, azungu sanaganize bwino. Zisanu ndi chimodzi ndinakazipachika pansungwi m'munda mwa apongozi. Ziwiri zotsala ndinaziboola mabowo ena n'kuzimangirira ndi waya pa njinga yanga, china kutsogolo china kumbuyo, kuti a magalimoto azindiona.

Zinagwira ntchito, ndisaname. Dzuwa likawomba, munda wonse unkachita phethiphethi, mpheta n'kumakhotera kwa aneba. Patapita masiku atatu mayi a Tereza anabwera atanyamula tambala.

"Amayi akuti mudye uyu. Akuti kodi nzeru zimenezi munkazibisa kuti zaka zonsezi?"

Abale inu, misozi inalengeza. Tambala wochokera kwa apongozi! Sabata imeneyo ndinkayenda pamsika manja ali kumbuyo ngati administradori, mkulu wa boma lathu.

Loweruka linafika. Magetsi analowa, mabenchi ndinabwereka kutchalitchi, anyamata anadzadza mpaka pakhomo, ena ochokera kutsidya ku Muloza. A Alubeto anafika atavala malaya atsopano, nayatsa makina. Mayina a magemu onse anaoneka pa TV, ndondondo. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinaima pambali chifuwa chili patsogolo.

"Tiyambe ndi mpira!" anakuwa anyamata.

A Alubeto anadina. Mpira sunabwere. Panabwera timawu tachingerezi: Please insert disc.

"Alamu, tapatseni chimbale cha mpira."

"Cha chiyaninso? Si gemu ili m'mimba?"

"Ili m'mimba, inde. Koma makinawa amaopa akuba. Amayamba aona kaye chimbale, atsimikize kuti gemuyo ndi yathudi. Akatero chimbale chimapuma, iwo n'kumawerenga za m'kati. Popanda chimbale sayenda. Si zimene ndinkafuna kukuuzani tsiku lija, inu n'kuti mwamva?"

M'mimba mwanga tambala uja ndinamumva akutembenuka.

"Zili... zili pabwino, alamu. Ndikubwera pompano."

Ndinatulukira kuseri kumene ndinaimika njinga, n'kupalasa ngati ndikuthawa nkhondo kachiwiri. Kwa apongozi ndi ulendo wa ola lathunthu. Njira yonse ndinkapemphera pemphero limodzi lokha: Ambuye, nkhalamba ija ikhale ili kunyumba.

Ndinalowa m'munda chokwawa, dzuwa lili paliwombo. Ndinadula chingwe choyamba, chachiwiri, chachitatu. Ndikugwira chachinayi, ndinamva kutsokomola. Apongozi anali pansi pa mtengo wa mango, akupuma mpumulo umene ndinawapatsa ine ndemwe.

Mwambo mukuudziwa, mkamwini ndi apongozi sapenyana m'maso. Iwo anatembenukira kumtengo, ine ndinagwada kuyang'ana chulu.

"Kodi akamwini a masiku ano," anafunsa mtengo wa mango, "akapereka chinthu amabweranso kudzachiba?"

"Iyayi, amayi," ndinayankha chulu. "Ndikungokazitsuka. Zada."

"Tambala uja munadya?"

"Tinadya, amayi."

"Chabwino."

Chabwino ameneyo mpaka lero amandilasa mumtima.

Nditafika pamtsinje ndinaziyang'ana bwinobwino. Kalanga ine! Masabata awiri a dzuwa anali atazipinda, fumbi lili mbuu, ndipo mpheta zina zolimba mtima zinali zitasiyapo zitosi. Ndingapereke bwanji zinthu zotere kwa alamu? Bodza ndinauza apongozi lija linasanduka nzeru. Ndinatapa mchenga, n'kuzikwecha chimodzichimodzi monga amachitira mayi a Tereza ndi mapoto. Ndinakwecha ndi mtima wonse, abale, thukuta lili kamukamu.

Pobwerera ndinapeza anthu achuluka kuposa m'mawa. Mbiri inali itamveka kuti Zuze wathawa. Ndinaimika njinga kuseri, n'kulowa, n'kupereka zimbale ndi manja awiri.

A Alubeto anatenga chimodzi, nachiyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Bowo ili ndi la chiyani?"

"La chingwe, alamu."

"Chingwe cha chiyani?"

"Chopachikira."

"Kupachika kuti?"

"Kumunda... kwa amayi. Mpheta zinavuta."

Wina kumbuyo anayamba kutsokomola chobisa chiseko.

"Nanga mikwingwirima yonseyi?"

"Ndatsuka."

"Ndi chiyani?"

"Mchenga, alamu. Koma wosalala, wa mumtsinje."

Epa! Baraka inaphulika. Anyamata ankagwa pamabenchi, ena kugwira m'mimba, ena kuthamangira panja kukaitana anzawo. A Alubeto okha sanaseke. Analowetsa chimbale choyamba. Makina anabuula, kukhosomola, n'kulemba kuti sakuchidziwa. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu chinali chopindika kwambiri moti kachitseko kanakana kutseka. Ine ndinkangoti mumtima, chimodzi chokha Ambuye, ngakhale cha nkhonya. Zonse zisanu ndi chimodzi zinakanidwa.

"Zatsala ziwiri," anatero a Alubeto ndi mawu otsika. "Cha mpira ndi cha magalimoto. Zimenezo zikakhala zamoyo, baraka iyenda. Zili kuti?"

Anandiyankhira ndi ometa tsitsi aja.

"Zili pa njinga! Takhala tikuziona masabata awiri, timayesa ndi fasho ya ku Joni!"

Anthu anakaitenga njinga ija n'kuilowetsa mu baraka ngati mkwatibwi. Cha magalimoto chinali kutsogolo, chitang'aluka pakati. Cha mpira chinali kumbuyo, chomangidwa ndi waya m'mabowo anayi, nkhope ya wosewera wotchuka itapakidwa matope a msewu wa ku Mongue.

Akanandilalatira bwenzi zili bwino. Akanandimenya khofi, bwenzi nditapeza poyambira kukwiya. Koma a Alubeto anangozimitsa TV, n'kuyamba kukulunga mawaya mwaulemu.

"Alamu," anatero, "m'bokosi umu muli magemu asanu ndi atatu, athunthu, opanda chilema. Palibe ndi imodzi yomwe ingatuluke. Mwatsekera chuma m'nyumba, makiyi mwakapachika kumunda."

"Sitingagule zimbale zina?"

"Kuti? Pamsika pano, pakati pa tomato ndi usipa?"

M'mawa mwake anakwera minibasi, makina ali pamiyendo. Zimbale zonse anazitenganso. Anati akaonetse anzawo ku Joni, chifukwa pongofotokoza ndi pakamwa palibe angakhulupirire. Za makina ena a chaka chamawa sanatchulenso, inenso sindinafunse.

Ndinatseka baraka, n'kukagona chafufumimba masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinkaganiza kuti pamenepa ndafika pansi penipeni, kulibenso kogwera. Ndiye panalowa mayi a Tereza, osagogoda.

"Bambo a Tereza, dzukani. Amayi akuti mpheta zabwerera dzulo lomwelo, zabwera ndi abale awo. Akuti mwatsuka mokwanira, bwezani zimbale."

"Zapita ku Joni."

"Ndawauza."

"Ndiye akuti bwanji?"

"Akuti amene anachotsa alonda akhale mlonda."

Masabata atatu, abale, mpaka tsiku lokolola! Bambo wa ana anayi, mwini baraka, ndinkaima pachulu kuyambira m'mamawa ndi chitini cha miyala m'manja, kukuwa "Haaa! Haaa!" Mpheta zinandizolowera tsiku lachiwiri. Zinkadya kumanzere ndikakuwa kumanja. Anyamata odutsa pa njinga ankaima pamsewu n'kukuwa, "A Zuze, insert disc!"

Tsiku lomaliza apongozi anabwera ndi mnzawo kudzaona zotsala. Anayendera munda wonse, ngala zambiri zili mbee, zopanda kanthu. Anaima chondifulatira, n'kulankhula ndi mnzawoyo mokweza ndithu kuti mawu afike pachulu.

"Zimbale zija zinali bwino, mayi. Mbalame zinkaziopa, ndiponso sizinkafunsa chakudya chamasana."

Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsidwa kuti ndingomvetsera chabe, ndipo ngakhale zimenezo zinandikanika.