Sutikesi yofiira imene inandithetsera banja

Banja langa linathapo kwa tsiku limodzi, mwini wakene ndisakudziwa. Sikuti panalowa mkazi wina kapena mowa ayi. Inalithetsa ndi sutikesi.

Ndinaigula pa kaunjika tsiku la msika pa Mitundu: yofiira, ya matayala awiri ndi chogwirira chosolola. Chifukwa chake ndingokuuziranitu, poti ndinaulula kale pagulu. Msuweni wanga Esinta atabwera kuchokera ku Joni, ankakoka yotereyi m'mudzi mwathu ku Nathenje, anthu n'kumatuluka m'nyumba kudzaonerera. Mtima unandiwawa chaka chathunthu.

Lachinayi lina mu Okutobala ndinakonza zokaona amayi, masiku awiri okha. Amuna anga, omwe ndi aphunzitsi, ananditulutsira kachikwama kawo kobereka kumsana.

"Amake Tadala, tengani aka. Njira ya kwanu ija mwaiiwala? Matayalawo akayenda pati?"

"Ndibereke kachikwama ngati mwana wa sukulu? Ine ndikupita, musandiletse!"

Mawu amenewa ndinawalankhula mokweza ndili pakhonde (anesi oyandikana nafe akusesa panja, tsache likuyenda pang'onopang'ono). Vuto linali loti zovala za masiku awiri zinkangogubuduka m'kati mwa chisutikesicho. Ndiye ndinaponyamo pilo, bulangete, ndi mapoto awiri amene ndinagulira amayi. Inadzaza bwino, mtima wanga n'kukhala pansi.

Pa msewu wa tala zinayenda bwino, ine ndikunyang'wa ngati wokakwera ndege. Nditatsika minibasi pa Nathenje, wa kabaza anathamangira kuti andinyamule. Ndinakana. Munthu ungagule matayala n'kuwakwezanso pa matayala ena? Nanga anthu akawaona bwanji?

Sindinayende patali. Tayala loyamba linathyokera m'khwawa la ngolo, lachiwiri linatsamwa mchenga n'kusiya kuzungulira. Ndinaikwekweretsa pang'ono ngati mbuzi yokana kupita kumsika, kenako ndinapinda chitenje kukhala nkhata, n'kuisenza. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Dzuwa linali likuswa mtengo, fumbi likulowa m'maso, misozi ili chuchuchu.

Ndi mmene ndinadutsira pa mjigo wa m'mudzi mwathu. Azimayi anasiya kupopa. Palibe anandiseka, palibe anafunsa za Tadala. Ine ndinayesa ulemu.

Amayi anandilandira mwakachetechete. Ndili kubafa, anatsegula sutikesi ija n'kupeza pilo, bulangete ndi mapoto. Kwathu mkazi wokwatiwa chitengwa akafika atasenza zimenezi, maso ali psuu, safunsidwa mafunso ambiri. Potuluka ndinapeza amalume, omwe ndi ankhoswe anga, atakhala kale pa mpando pansi pa mtengo wa mango.

"Wakutani mkamwiniyu?"

"Palibe, amalume. Ndangobwera kudzacheza."

"Onse amatero tsiku loyamba. Wodzacheza amanyamula pilo?"

Ndinalumbira, ndinaseka, ndinalozera matayala othyoka aja. Kuseka kwangako amayi anati n'kwa munthu wosweka mtima. Amalume anaimbira amuna anga, foni yozima (anali m'kalasi). Anaimbira anesi aja, poti ndi omwe amawayeza magazi akabwera kudzationa ku Mitundu. Anesi anafotokoza zimene anamva m'mawa, osachotsera, mwinanso kuwonjezerako pang'ono. Amalume sanadikirenso. Analiza njinga yamoto yawo, ulendo wa ku Mitundu.

Dzuwa litapendeka anabwerera atakweza anthu awiri: amuna anga ndi achimwene awo, ankhoswe a kuchimuna. Mudzi wonse unali utapeza kale chochita pafupi ndi mtengo wa mango uja. Amuna anga anatsika thalauza ili mbuu ndi choko, kachikwama kaja kali kumsana. Apa ndiye kuseka kunandithera. Munthu uja anali atakhulupirira kuti ndamusiyadi, ndipo ndinamumvera chisoni kuposa tsiku lina lililonse chikwatiranireni.

"Mwamulakwira chiyani mwana wathu?" anafunsa amalume.

Amuna anga anagwada, n'kuvula kachikwama kaja, n'kukaika pansi.

"Ndinangomuuza kuti atenge aka. Ngati ndinalankhula molakwika, ndikhululukireni. Tadala wakana kudya."

Panalibenso kothawira. Ndinaimirira n'kuulula zonse: za pilo wodzazira malo, za kabaza amene ndinamukana, ndi za Esinta. Ndinatchula dzina lake mwini wake ali pomwepo, mwana ali kumsana.

"Aaa, asisi!" anatero Esinta. "Yanga ija ndinabwera nayo pa kabaza. Ndinatsikira kuseri kwa tchalitchi, n'kuyamba kukoka ndili pafupi ndi nyumba."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Amalume okha sanaseke. Anati ankhoswe akakumana sabalalika ndi njala, kaya mlandu ulipo kaya palibe. Tambala amene amayi ankandisungira anathera pomwepo. Ine ndinapatsidwa khosi.

M'mawa mwake tinabwerera limodzi, amuna anga atasenza sutikesi, ine nditabereka kachikwama. Ndivomereze, n'kopepuka, ndipo manja onse amakhala omasuka. Iwo sananene kuti "ndinakuuzani" ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa.

Mpaka lero ndikafika kwathu, amayi amayamba ayang'ana katundu wanga, nkhope pambuyo. Ndimapita ndi kachikwama ka kumsana, ndipo ndimatsanzika motsitsa mawu. Koma matayala aja anandikonzera wokonza njinga wa pamsika, ndipo mu Disembala kuli ukwati ku Malingunde. Ndafufuza kale: kuseri kwa tchalitchi chake kuli malo abwino otsikira kabaza.