Munda wa Atate pa Sikirini ya a Langford

Mwaswera bwanji, abale? Sunthani pang'ono ndikhale, basiyo sibwera msanga. Mukuyang'ana matumba opanda kanthuwa? Ndikupita kumtunda kwa amalume kukasuma chimanga. Ine Onesmus, mwana wa malemu a Mateyo a ku Kakumbi, kukasuma! Inu, tamverani.

Atate analima munda umodzi zaka makumi anayi m'mphepete mwa paki, pamene njovu zimadutsa ngati pamsewu wa boma. Zida zawo zinali zitatu: chilindo chokwera, chingwe cha nsanza zopaka tsabola, ndi mgolo wachitsulo umene ankaumenya mpaka njovu zimve mutu. Anadzala mu Disembala, napalira kamodzi, mu Febuluwale chifuwa chinawatenga. Chimanga chinatsala chili chiimire, chakudya cha amai cha chaka chonse, thukuta lomaliza la atate. Ine ndinakwera pachilindo paja n'kumalondera, dzuwa ndi mvula zanga.

Ndiye pali akulu anga, a Langford, amene amaperekera zakumwa pa loji ina ku Chinzombo. Pamaliro anafika titakwirira kale, atavala magalasi akuda, n'kulira mokweza kuposa tonse atangoona kuti anthu atembenuka. Khasu amalidziwira pachithunzi. Mwezi utatha anabweranso ndi katoni pamutu.

"Onesmus, tsika pamtengo. Zomenya migolo zatha. Tsabola wakale sawawa."

M'katonimo munali dironi, kandege kaja kamene kamalira ngati njuchi. Mzungu wina wojambula nyama anawasiyira pobwerera kwawo. Kamera inalipo, koma kanthu kotumiza zithunzi pansi, komwe amati tiransimita, ndi sikirini yoonerapo, mzunguyo anapita nazo. Kunena kwina, tinalandira diso lopanda mutu.

Choncho tinapita ku Chipata atatu: a Langford, ine wonyamula katoni, ndi alamu anga a Benwell, amuna a mlongo wanga Delia. A Benwell amasintha mabatire a mafoni pansi pa ambulera ku Mfuwe, koma mukawafunsa ntchito amati ndi injiniya.

M'sitolo imene tinakagula zosowazo munali mayi wina, a Becky, odziwa zinthu zawo. Anaika mabokosi awiri pakauntala.

"Iyi ndi sikirini yaing'ono ngati chikhatho, koma imaoneka ngakhale padzuwa. Tiransimita yake imafika patali. Ikayamba kufooka, chithunzi chimachita madontho ngati mpunga, inu n'kudziwa kuti zavuta. Yachiwiriyi mumalumikiza ku TV iliyonse, chithunzi choyera bwino, koma imafuna pambalambanda popanda mitengo. Ikaduka sinena ayi. Imangogwira chithunzi chomaliza."

Pa mawu onsewo, a Langford anatolapo awiri: TV, ndi choyera.

"Kanthu ngati chikhatho? Mudzi wonse ukaonera pati?"

"Kodi bambo, mukukaonetsa filimu kapena mukukalonda munda?" anafunsa a Becky.

"Mayi, ife mpunga timadya, sitionera," anatero a Benwell, n'kuseka okha.

Ine ndinati, "Akulu, tengani kakang'onoko, ndizikhala nako pachilindo."

"Iwe unalekera giredi seveni. Nyamula katoni."

Ndinanyamula. Atate ankati munthu wovala magalasi akuda usamulozere mwezi.

Loweruka ndilo linali tsiku loonetsa. A Langford anaitana anthu onse aja amene anadya nyama pamaliro koma osaponda m'munda ngakhale kudzazula udzu umodzi. Anabwera, inu! Mabenchi anachokera kutchalitchi. TV yaikulu anabwereka kwa mnzawo wa kuloji, batire la sola anazula kwa Delia. Cha m'ma fifitini awazi anaiyatsa pabwalo, dzuwa la ku Luangwa lili phwee, ndipo pagalasipo panaoneka nkhope zathu zokhazokha.

"Yationa kale!" anakuwa mkulu wina, n'kuvula chipewa kuipatsa moni. Dironi n'kuti idakali m'katoni.

"Vuto ndi kuwala," anatero injiniya. "Tilowetse m'nyumba."

Nyumba yake iti? Ya atate, imene amai anali asanaitsegule chichitikire maliro. Jekete lawo lidakali pamsomali. Anthu anadzazamo ngati matemba m'chitini, wina n'kukhalira mpando wawo wachikopa. Ndiye tebulo linachepa msinkhu, akumbuyo sakuona. A Benwell anazungulira maso.

"Kodi mgolo uja uli kumunda ukuchita chiyani? Pano ntchito yake yatha."

Anaugubuduza kuchokera kuchilindo, nauyala nsalu, TV n'kukhala pamwamba ngati mkwatibwi. Mgolo wa atate, inu, umene unathamangitsa njovu zaka makumi anayi, kusanduka tebulo!

A Langford anapita kumunda, nayatsira dironi pafupi ndi chilindo, n'kuikweza m'mwamba kwambiri kuti munda wonse ukwane pachithunzi. Anabwerera kunyumba akuyenda ngati woyendetsa ndege, rimoti m'manja. Koma pa TV panali mdima.

"Vuto ndi malata," anateronso injiniya. "Ndi mitengo. Eriyo ikwere pamwamba."

Anamangirira eriyo kunsungwi, chingwe n'kutulutsira pawindo. Nanga wokwera mumtengo wa mango n'kukaigwira ndani? Wa giredi seveni. Ndinati, "Akulu, pachilindo palibe munthu." Iwo anati, "Pachilindo pali sayansi. Kwera."

Ndinakwera mpaka kunsonga, nsungwi m'manja, ndipo m'nyumba munaphulika nthungululu. Chithunzi chafika! Ndinkangomva pawindo: "Taonani mizere! Icho chilindo! Uwo mtengo wa masawu!" Wina anati a Mateyo akanaona zimenezi akanadzuka. A Benwell anajambula sikirini ndi foni n'kutumizira abale onse mpaka ku Lusaka. A Langford anaika rimoti pamwendo, chifukwa dironi imadziimira yokha m'malere, n'kuyamba kufotokoza za mmene azungu amalimira.

Kumtengoko nyerere zofiira zinandipeza. Zinalowera m'buluku mosapempha, ine n'kugwedezeka pang'ono pokha. Sindikana, ndinagwedezeka. Nditakweza maso kuyang'ana kumunda, ndinaziona. Misana yotuwa ikutuluka m'tchire la kumtsinje. Imodzi, zitatu, zisanu ndi zinayi, kamwana pambuyo.

"Njovu! Akulu, njovu m'munda!"

M'nyumba anthu anangoseka.

"Pano palibe njovu," anayankha a Langford. "Tikuuona munda wonse. Gwira eriyo bwinobwino!"

"Zadula chingwe cha tsabola! Zili pa masawu!"

"Alamu, masawuwo ndi awa ndikuwalozawa," anatero a Benwell. "Mwina mwaona zulu. Njala imachititsa zimenezo."

Pano ndiye pamene ndimadzida ine mwini. Ndinakhalabe mumtengo! Ndinatikita maso, n'kumaganiza kuti kapena n'zoona, anthu makumi atatu ndi makina a mzungu sangalakwe onse. Munthu akakuuza zaka zambiri kuti ndiwe mbuli, umayamba kukayikira ngakhale njovu.

Amene anatulukira bodza ndi amai, omwe sanapondepo m'kalasi. Ndinamva mawu awo pansipansi.

"Langford, mbalame iyo pakonapo. Chilowereni ine muno sinakupize mapiko."

"Ndi kabawi, amai. Amaima choncho posaka."

"Kabawi wa mapiko oyera? Ameneyo ndi kakowa, mwana wanga. Ndipo chimanga changa sichikhala osagwedezeka mphepo ikuomba chonchi."

Ndinaponya nsungwi, n'kutsika osaona nthambi. Ndinalowa m'nyumba, eriyo ili gone pabwalo, koma pa TV munda uli chikhalire, wobiriwira, wamtendere, kakowa ali lende m'malere ngati wapachikidwa pamsomali. Chithunzi chomaliza chija a Becky ananena!

"Wasiya eriyo?" anakalipa a Langford.

"Eriyo ili pansi, nanga mukuonera chiyani? Chotsani chinthu chanu pa mgolo wa atate!"

Sindinadikire. Ndinakoka mgolo, a Benwell n'kuwakha TV ya eni ake ngati khanda lobatizidwa, onse awiri chagada pamiyendo ya azimayi. Ndinathamanga ndi mgolowo pamutu, Delia pambuyo ndi miphika iwiri, amai ndi chikwanje ndi khasu lakutha. Alendo aja? Anatsatira ndithu, koma pa mtunda woti aone bwino.

Ndinaumenya mgolowo, inu. Ndinaumenya mpaka zikhatho kung'ambika, ndikulira, ndikutukwana, ndikuitana atate ngati ali kuseri kwa chulu. Njovu yaikulu inakweza mutu, phesi lili pakamwa, n'kundiyang'ana ngati ikunena kuti mawu a mgolo ndawadziwa, koma womenyayo si yemwe uja. Kenaka zinatembenuka n'kumapita mosafulumira, ngati anthu ochoka paukwati atakhuta. Zimene sizinadye zinapondaponda. Tinakololamo madengu anayi.

Dironi? Batire litatha inabwerera yokha pamene inanyamukira, monga mwa nzeru zake, n'kutera mwaulemu pakati pa njovu. Tinaipeza yaphwatalala ngati chitumbuwa chokhaliridwa.

Mukuganiza kuti wina anapepesa? Madzulo omwewo panakhala bwalo. Injiniya anagamula kuti chithunzi chinaima chifukwa wogwira eriyo anagwedezeka. A Langford anapukusa mutu mwachisoni, nati vuto la Afirika ndi kusowa anthu ophunzira ogwira nsungwi. Alendo anavomereza, kenaka anafunsa ngati kuli tiyi.

Sabata itatha a Langford anabweranso, magalasi ali kumaso, atanyamula kanthu kokutidwa m'nyuzipepala. Chinali chithunzi chija a Benwell anajambula pa sikirini, chotsukidwa, choikidwa m'felemu yagolide. Munda wa atate wathunthu, mzere uliwonse, ndi kakowa wake.

"Amai, taonani kuyera kwake. Kakang'ono kaja sikakanatulutsa chonchi. Tichipachike pabalaza."

Amai anachilandira ndi manja awiri, monga amachitira ndi mphatso iliyonse. Anachiyang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda pa mizere imene amuna awo anadzala. Kenaka anatuluka, nakwera makwerero, n'kuchiika m'nkhokwe yopanda kanthu, n'kutseka bwinobwino.

"Zokolola zimakhala umu," anatero.

Chili momwemo mpaka lero. Ndipo ndisaname, abale, pa ichi chokha sayansi ya akulu anga yapambana: m'Kakumbi monse, nkhokwe yathu yokha ndiyo anankafumbwe sanaiboole. Basi ija ndi iyo. Tandigwirirani matumbawa, musaope, sakulemera.