Azakhali ndi Mzere Umodzi wa Apawindo

Kwa Bwana Mkulu Woona za Ubwino wa Ntchito,
Chipinda cha Pamwamba.

Olemekezeka Bwana,

Mundikhululukire polemba kalata imene aliyense angawerenge. Ndinayamba ndagogoda ku ofesi yanu, koma mlembi wanu anandiuza mwaulemu kuti muli pa msonkhano wokambirana zochepetsa misonkhano. Ndinatumizanso imelo, ndipo yankho linabwera nthawi yomweyo, londitsimikizira kuti maganizo anga ndi ofunika kwambiri. Ndiye ndaona kuti ndingoimata pa bolodi la pafupi ndi ketulo, poti m'nyumba ino ndi malo okhawo amene inu ndi ife timadutsapo tonse.

Ndine mmodzi wa anthu anu a m'chipinda cha pansi, amene timalemba pulogalamu yotumiza mauthenga a pafoni okumbutsa odwala tsiku lokatenga mankhwala kuchipatala. Ndalemba kuti ndithokoze chifukwa cha mphatso imene munatipatsa chaka chatha, pulogalamu yoyendera ntchito yathu. Poti bolodi ili amawerenganso madalaivala ndi a kolandirira alendo, ndifotokoze pang'ono. Munthu ukalemba mizere yako ya pulogalamu n'kuitumiza, isanafike pamaso pa munthu aliyense, iyo imayamba yaona ngati watsata malamulo a kalembedwe ka kampani: mzere usapitirire zilembo makumi asanu ndi atatu, uyambire pamalo pake, usasiye mpata kumapeto, ndi ena otero odzaza masamba. Ikakhutira imayatsa chobiriwira. Ikapanda kukhutira imayatsa chofiira, ndipo ntchito yako imaima pomwepo. Ife tinaitcha Azakhali, chifukwa amaona kuti kolala yako yapindika usanapereke n'komwe moni, koma sanafunsepo ngati wadya.

Zothokoza zanga ndi izi.

1. Zikomo chifukwa cha mtendere. Apa ndikunenetsa, sindikuseka. Azakhali asanabwere, m'chipinda mwathu munali magulu awiri: oyamba mzere pomenya batani lalitali kanayi, ndi odina batani la tabu kamodzi. Pa sikirini zimaoneka zofanana, koma panali amuna awiri akuluakulu, a ndevu zawo ndi ana awo, amene anasiya kubwerekana shuga chifukwa cha nkhaniyi. Lero amakhala limodzi pa nthawi ya tiyi, kujeda Azakhali. Palibe msonkhano umene ukanawayanjanitsa chotero.

2. Zikomo chifukwa cha maso atsopano. Kale sindinkadziwa kuti munthu angalakwe ndi chinthu chosaoneka. Mpata wotsalira kumapeto kwa mzere ulibe mtundu, sulemera, ndipo kompyuta siulabadira, koma Azakhali amauona. Tsopano nanenso ndimaona zotero paliponse. Tsiku lina mwana wanga wamkazi anandipatsa homuweki ya masamu kuti ndimuonere, ine n'kumuuza kuti yankho lachitatu lalowa mkati kwambiri kuposa lachiwiri. Anandifunsa ngati yankholo lili lolondola. Ndinamuuza kuti zimenezo akafunse amayi ake, si mbali yanga.

3. Zikomo chifukwa cha lamulo limene munaonjezera nokha, lakuti wakhudza fayilo, akolope yonse. Ndikumvetsa chimene munkafuna. Mafayilo akale, olembedwa Azakhali asanabwere, ndi auve, ndipo munaganiza kuti aliyense akamakonza pamene wadutsa, nyumba idzayera pang'onopang'ono popanda kulemba waganyu. Chimene chachitika n'chakuti tasiya kudutsa. Munthu akaona kuti vuto lili mu fayilo yakale, amalemba kafayilo katsopano pambali kozungulira vutolo, koyera bwino, Azakhali n'kuyatsa chobiriwira. Ndawerenga timafayilo totere, ndipo tachuluka kuposa mafayilo enieni. Pulogalamu yathu tsopano ili ngati nyumba imene chipinda chimodzi chikudontha, eni ake n'kumangomanga makonde.

4. Zikomo chifukwa cha phunziro limene mwapereka kwa mnzathu watsopano. Dzina lake mukulidziwa; ife timangomuti Apawindo, poti desiki imene anapatsidwa ndi ija ya pawindo losatseka. Akadali pa miyezi yoyesedwa ntchito, ndipo sanadziwe kuti kuno anthu amazungulira.

Namwino wamkulu wa chipatala china ankaimba foni kawirikawiri kudandaula kuti odwala amene tsiku lawo lagwera pa 1 mwezi salandira uthenga. Ena ankabwera mochedwa mankhwala atawathera, iye n'kumawaimbira yekha mmodzimmodzi pa foni yake. Mawu ake tinafika powazolowera, moti foni ikalira tinkangoyang'anana. Tonse tinkadziwa pamene vuto lili: mu fayilo yowerengera masiku, yakale kuposa mafayilo onse, ya mizere yopitirira zikwi zinayi. Poti uthenga umapita kutatsala tsiku limodzi, pulogalamu inkachotsa tsiku limodzi pa 1 n'kupeza tsiku la 0, limene pa kalendala palibe, ndiye inkangokhala chete. Apawindo anayankha foniyo tsiku lina, anamvetsera, anatsegula fayilo ija, n'kukonza mzere umodzi asanamalize kumwa tiyi wake.

Azakhali anayatsa chofiira. Mzere wa Apawindo unalibe chilema. Koma potsata lamulo lanu lokolopa fayilo yonse, Azakhali anakana mizere ina yonse ija, imene iye sanalembe. Pali batani loti Azakhali akonze okha zimene akudandaula, ndipo Apawindo analidina. Mipata inasuntha, mizere yaitali inathyoledwa, fayilo yonse inasitidwa kuchokera pamwamba mpaka pansi, chobiriwira n'kuyaka. Kenako mkulu wa gulu lathu, amene mwa lamulo lanu lina ayenera kuwerenga chilichonse chosinthidwa asanavomereze, anatsegula n'kupeza mizere zikwi zinayi yosinthidwa. Anavula magalasi n'kufunsa Apawindo kuti anamulakwira chiyani. Koma ndi munthu wosasaina chimene sanawerenge, choncho anawerenga yonse, sabata yathunthu, akudontheza mankhwala m'maso. Ntchito inadutsa. Mwezi wotsatira mauthenga anapita. Namwino uja anaimbanso kamodzi kokha, kufunsa kuti athokoze ndani.

5. Zikomo, koposa zonse, chifukwa cha tchati chimene chimaoneka pa sikirini yaikulu ya m'khonde. Monga mukudziwa, kompyuta imasunga dzina la munthu amene anakhudza mzere uliwonse pomaliza, ndipo dandaulo likabwera kuchokera kuchipatala, tchati chimaliika pa dzina limene lili pa mzere wa vutolo. Ndi njira yachilungamo, yosayang'ana nkhope. Kungoti kuyambira tsiku limene Apawindo anadina batani lija, mzere uliwonse wa fayilo ya masiku uli m'dzina lake. Vuto la February ndi lake. Vuto la masiku a tchuthi ndi lake. Vuto lina lotumiza uthenga kawiri, limene linayamba iye ali ku sekondale, nalonso ndi lake. Pa tchati mzati wake watalika moti ena tonsefe tikuoneka ngati udzu pansi pa mtengo. Sabata yatha analandira kalata yomuitana ku msonkhano wa Lachisanu likudzali, kuti akafotokoze za kagwiridwe kake ka ntchito musanaganize ngati apitirize nafe.

Iye sanadandaule. Wakhala akulemba mayankho a dandaulo lililonse, n'kumanyamuka nthawi yake kukatenga mwana ku sukulu ya nazale, kubwera m'mawa n'kupitiriza. Nditamuuza kuti ndikufuna kulemba kalatayi anandipempha kuti ndisatero, ati munthu woyesedwa ntchito sakhala ndi loya. Anangoti: "Mukanandiuza, achimwene, ndikanazungulira ngati anzanga." N'zoona, ndikanamuuza.

Poti ndimakhulupirira zowerengeka kuposa zomva m'thupi, ndinatenga madandaulo onse amene ali pa dzina lake n'kuwayang'ana limodzilimodzi. Alipo makumi awiri ndi atatu. Okhudza mzere umene iye analemba palibe ndi limodzi lomwe. Ndinafufuzanso ngati Azakhali anagwirapo limodzi mwa mavutowa, ndipo sanagwirepo. Sindikuwanena, si ntchito yawo. Iwo amaona ngati shati yasitidwa. Zoti mwini shatiyo akudwala amafunika kuona ndi munthu.

Kenako ndinachita chinthu chimene tchati sichichita. Kompyuta ija siimangosunga wokhudza pomaliza, imasunganso am'mbuyo mwake, ndipo kubwerera n'kungodina kamodzi. Ndinadina. Dzina la Apawindo linachoka pa mizere yonse kupatula umodzi, ndipo pansi pake panatuluka dzina la mnyamata wina amene analemba fayilo yonseyo yekha, kalekale kampani ino ili anthu atatu ndi fani imodzi. Analemba mothamanga, mizere ina yotalika mpaka kutuluka pa sikirini, ndipo pamwamba pa mbali yowerengera masiku anasiyapo mawu akuti adzakonza mawa. Mnyamatayo, Bwana, pano ali m'chipinda cha pamwamba, ndipo ali ndi mlembi.

Musandimve molakwa. Fayilo imeneyi ndimailemekeza. Yanyamula kampani ino zaka zonsezi, ndipo malipiro athu tonse akhala pamsana pake. Amene anailemba analibe womuwerengera ntchito, analibe Azakhali, anali ndi chipatala chimene chinkadikira. Akanakhala pansi pa malamulo a lero, bwenzi mpaka pano akusuntha mipata, ndipo ife bwenzi tikugwira ntchito kwina. Mavuto makumi awiri ndi atatu pa mizere zikwi zinayi si manyazi. Ndi ntchito ya munthu amene anakhudza chinthu.

Ndikuuzeninso chimene chikuchitika pansi pano, mwina sichifika pamwamba. Pali vuto lina lodziwika mu fayilo ya manambala a foni, nayonso yakale: nambala ikalembedwa ndi mpata pakati, uthenga supita. Kukonza kwake n'kwa mizere iwiri. Tonse tikudziwa pamene lili, ndipo tonse taona mzati wa Apawindo. Nkhaniyi ikatchulidwa pa msonkhano wa m'mawa, aliyense amapeza chochita m'foni mwake, ndipo mmodzi wa amuna a shuga aja wayamba kale kulemba kafayilo kozungulira.

Sindikupempha kuti Azakhali achoke. Tawazolowera, ndipo akachoka nkhondo ya mabatani idzayambiranso. Akanangouzidwa kuti aziyang'ana mizere imene munthu wakhudza yokha, ndipo tsiku lokolopa mafayilo akale likhale lapadera, losawerengedwa pa dzina la munthu, bwenzi tikuwakonda koposa. Mkulu wa gulu lathu akuti kusintha kumeneku n'kwa mzere umodzi. Koma fayilo ya malamulo ndi yanu, ndipo palibe amene akufuna kuikhudza.

Pempho langa lenileni ndi laling'ono kuposa pamenepo. Lachisanu lisanafike, Bwana, mutsegule fayilo ya masiku n'kudina kamodzi kubwerera m'mbuyo. Mukatero mudzakhala ndi njira ziwiri, ndipo ife tidzalandira iliyonse ndi manja awiri. Mukhoza kunena kuti tchati sichiyenera kuweruza munthu, Apawindo n'kupitiriza ntchito yake. Kapena mukhoza kunena kuti tchati n'cholondola ndipo chingofunika kuwerenga bwino, madandaulo n'kubwerera kwa mwini wake. Mukasankha yachiwiriyi musade nkhawa. Tonse a chipinda cha pansi tidzakuperekezani ku msonkhanowo, ndipo tidzakuchitirani umboni kuti ndinu munthu wakhama, wofuna kuphunzira, woyenera kupatsidwa miyezi ina itatu.

Ndatha ine wanu wotsikitsitsa, womvera malamulo onse amene ndawawerenga,

Wolemba mapulogalamu wa desiki ya pafupi ndi khomo,
Chipinda cha Pansi.