Tsiku limene ndinadzisokerera ku diresi ya eni

Mukadzandiona pa Mitundu nditapisira malaya, lamba ali pamchombo, musamati ndi ukhondo. Ndi mantha.

Ndasoka pakhonde la abwana athu a Nangozo kuyambira ndili ndi tsitsi. Makina anga anali akuda aja, opalasa ndi mapazi, ndipo tinkamvana ngati pachibale. Ndinkasoka uku ndikucheza ndi odutsa. Ndikafuna aime, ndinkangokanikiza phazi mwamphamvu, iwo zii.

Ndiye a Nangozo anabwera ndi makina amagetsi. "Amene azolowere ndi amene atsale," anatero akuyang'ana kumsewu. Wachikulire pa atelala onse ndinali ine, choncho ndinadziwa amene akunenedwa. Mtima sunakhalenso m'malo (pa msinkhu uno, ntchito ina ndikaipeza kuti?).

Ntchito yanga yoyamba pa makinawo inali diresi ya chinkhoswe ya mtsikana wa ku Nathenje. Anabwera kudzatenga ndi azakhali ake ndisanamalize kupinda m'munsi.

"Khalani pabenchipo, mayi, sizichedwa izi," ndinatero monyada.

Ndinangokhudza chopondera, makina liwiro. Ndinadzidzimuka, ndipo phazi linachita zomwe lakhala likuchita moyo wonse: linakanikiza kuti aime. Abale, makina amagetsi ukawakanikiza ndiye wawauza kuti athamange. Nsalu inkangopita, ine ndikukanikizabe, ndikukuwa "Imani!" (inde, ndinawalankhula mwaulemu). Anachita kudzazimitsa pakhoma ndi a Nangozo.

Ndinaimirira kuti ndipepese. Diresi nayo inaimirira. Malaya anga anali atasokereredwa kumpendero wake, msoko wowongoka bwino kuposa yonse yomwe ndinasokapo.

Mtsikana uja misozi inalengeza. Azakhali ake anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi.

"Atelala, kodi nanunso mukupita nawo kuchinkhoswe?"

A Nangozo anabwera ndi sizasi. Ndinati basi, ntchito yathera pano.

"Imani bwino, bambo," anatero. "Tidula malaya, diresi ndi ya eni." Akudula, mapewa awo ankagwedezeka ndi phwete. Atamaliza anandinong'oneza: "Mawa mulawirire. Ndipo mupisire."

Ntchito ndikugwirabe, makina atsopanowo ndinawazolowera. Akale aja ali pakona, amaikapo makapu a tiyi, ndipo ndimawasowa kwambiri. Magetsi akazima anzanga amadandaula. Ine ndimachotsa makapu aja mwakachetechete, n'kupisulanso malaya.