Loleboyi wa Ndege

Ndinalakwa tsiku loyamba lomwe, ndipo munthu wanzeru akadabwerera kumudzi pomwepo. Kandege katatera pa bwalo la udzu kuseri kwa boma la Chadiza, munatuluka anthu awiri: bambo wamkulu thupi wovala tayi, ndi mnyamata woonda wa kabudula. Ine ndinathamangira wa tayiyo, ndinanyonyomala, ndinaomba m'manja, n'kutulutsa Chingerezi chimene ndinaloweza njira yonse kuchokera kwathu ku Zemba, chonena kuti ndine wokondwa kukumana ndi woyendetsa ndege. Bambowo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandikoka chikope ndi chala n'kusuzumira m'diso langa. Anali dokotala wa maso. Woyendetsa ndege, a Mwanza, anali wa kabudula uja, amene ndinali nditawapatsira njinga yanga kuti andigwirire.

Munali m'zaka za m'ma 1990 zimenezo. Sukulu ndinalekezera giredi seveni, koma kuwerenga sindinaleke. Ndinkawerenga chilichonse chokhala ndi zilembo: matumba a feteleza, mabotolo a mankhwala a thonje, mapepala okulungira kapenta pamsika. (Kapenta ndinkagula kwa mayi amene anali ndi mapepala abwino, osati amene anali ndi kapenta wabwino. Akazi anga anazitulukira mochedwa.) Pa limodzi la mapepala amenewa ndi pamene ndinapeza nkhani ya oyendetsa ndege. Inkati kampani silemba munthu ntchito chifukwa cha setifiketi yokha. Imafuna maola amene munthuyo wakhala m'mwamba, mazanamazana, onse olembedwa. Vuto lake, inkatero nkhaniyo, n'lakuti wopanda maola sapeza ntchito, ndipo wopanda ntchito sapeza maola. Mmene vutolo amalithetsera sindinaone, poti m'munsi mwa pepalalo munali mong'ambika.

Koma ine ndinangoseka. Vuto limenelo kwathu tinalithetsa kalekale. Amalume anga a Yotamu ankayendetsa lole yonyamula thonje kupita ku Chipata, koma sukulu ya udalaivala sanaipondepo. Anayamba ngati loleboyi: kutsuka lole, kuika mwala kuseri kwa tayala pamtunda, kukankha batire ikakana, kumenya chitsulo kawiri kuti dalaivala anyamuke. Ndipo loleboyi weniweni sakwera lole ili chiimire. Amaisiya iyambe kuyenda, ndiye aithamangire, alumphe, agwire chitseko ndi dzanja limodzi. Atatumikira chomwecho zaka zingapo, tsiku lina dalaivala anangosendera n'kuwauza kuti gwira chiwongolero. Ndinaganiza kuti ndege ndi lole yamapiko basi.

Choncho ndinadzilemba ntchito ndekha. Kandegeko kankabwera ndi dokotala nthawi ndi nthawi m'chilimwe chimenecho, ndipo ndikangomva kuti kabwera mawa, ndinkalawirira kukapirikitsa mbuzi ndi ng'ombe pabwalopo. Kakatera ndinkaika tizipika take ku matayala, ndinkapukuta fumbi, ndinkaletsa ana kugwira chipupizo chakutsogolo. Akazi anga ankangopukusa mutu.

"Abambo, anzanu akumenya mtedza," anatero tsiku lina. "Inu mukulondera mbalame ya eni."

Dokotala akapita kuchipatala, ine ndinkagona chagada mu mthunzi wa phiko, manja kunkhongo. Mthunzi wa phiko la ndege ndi wosiyana ndi wa mtengo, abale. Sugwedezeka, ndipo umanunkhira mafuta ndi maiko akutali. Ndinkayang'ana mitambo ikuchokera cha ku Mozambiki, pang'onopang'ono ngati ng'ombe zokhuta, ndipo mosazindikira ndinkapezeka ndili pakati pake. Pansi ndinkaona minda ya ku Zemba ngati zigamba pa chitenje, madambo a ku Mlolo akuwala, ngolo ya ng'ombe pa njira ya ku Zingalume ikuyenda ngati nyerere yonyamula njere. Ndinkatsitsa phiko limodzi podutsa pamwamba pa nyumba yathu kuti nkhuku zidziwe kuti mwini wake wadutsa. Mumtima ndinkawerengera kuti maola anga akuchuluka.

Tsiku lina ndinafunsa a Mwanza, amene tsopano anali atandikhululukira za njinga ija.

"Bwana, kodi onsewa muzandilembera liti?"

"Onse ati, achimwene?"

"Maola. Ndakhala pansi pa ndegeyi chiyambire mwezi wa Juni."

Anaseka mpaka anakhala pa tayala. "Pansi sawerenga, achimwene. Amawerenga m'mwamba, manja ali pa chiwongolero. Inenso mukundiona pano, ndikuuluka m'tchire muno kusaka maola omwewo. Ndege zazikulu za ku Lusaka sizingandiyang'ane n'komwe asanakwane."

Ndinamva chisoni, cha ine ndi cha iwo. Mwina anaona nkhope yanga, chifukwa anapitiriza: "Mvetserani. Ulendo uno ndi womaliza, ntchito ya adokotala kuno yatha. Mawa m'mawa ndikukatenga katundu ku Chipata ndi kubwerera. Mpando wapambali panga ulibe munthu. Bwerani. Tikafika m'mwamba ndikugwiritsani pang'ono."

Ola langa loyamba! Lomwe ena onse amayambirapo.

M'mawa mwake ndinavala jekete la ukwati, ndinanyamula aneba anga a Sakala pa njinga. A Sakala anali nkhalamba yomwe dokotala anaichotsa ng'ala m'diso dzana lake, ndipo ankapita kukamasula bandeji. Atamasulidwa, anabwera ku bwalo pamodzi ndi anzawo ambiri ochitidwa opaleshoni, onse ofuna kuyesa maso atsopano pa chinthu chachikulu. (Tangoganizani: anthu amene kwa zaka ankangoona nkhungu. Chinthu choyamba kuchiona bwinobwino chinali ine.)

A Mwanza anakwera, anatsegula chitseko cha mbali yanga. "Kwerani, achimwene!"

Apa ndi pamene mzimu wa a Yotamu unandilowa. Ndikwere ili chiimire, ngati pasenja? Pamaso pa anthu onsewa? Ndipo tizipika achotse ndani? Ndinkafuna a Mwanza aone kuti ntchito ndikuidziwa, kuti akakafika ku Lusaka akanene kuti ku Chadiza kuli munthu.

"Za ine musade nkhawa, bwana," ndinatero. "Inu lizani."

"Simukwera?"

"Lizani, lizani."

Ndinachotsa tizipika, ndinatseka chitseko ndekha, ndili kunja. Diso langa linali pa kachitsulo kopondapo pamwamba pa tayala. Ndinali nditakayeza kale kuti phazi likwana. A Mwanza anandiyang'ana pagalasi, anakweza mapewa, anandibayibitsa. Ine ndinamenya ndege kawiri kumbuyo, phaphapha, n'kubwerera pang'ono.

Injini inalira. Kandege kanayamba kuyenda pang'onopang'ono, mwaulemu, moti ngakhale a Sakala akadakapeza. Koma loleboyi wabwino amapatsa lole mpata, kuti kulumpha kuoneke. Ndinakonza kolala. Ndinayang'ana anthu. Kenaka ndinaliyatsa liwiro.

Chimene pepala la kapenta silinandiuze n'chakuti lole imasintha magiya, ndipo posintha imapuma. Ndege sipuma. Komanso imaponya mphepo yonse kumbuyo, pamodzi ndi fumbi, udzu ndi ndowe zouma za ng'ombe zimene ndinapirikitsa ndekha. Jekete linatembenuka n'kundiphimba kumutu. Ndinathamanga ndili mkati mwake, ndikufuula kuti "Bwana! Bwana!" Nditalivundukula ndinaona mchira wa ndege uli patsogolo panga, osati patali kwenikweni, kapena ndi mmene zinaonekera. Ndinalumpha ndi mphamvu zanga zonse, manja kutsogolo.

Ndinatera pachifuwa, mu chisoso.

Ndinatembenuka n'kugona chagada. Kandege kanali katanyamuka kale, kakupendekeka kulowera ku Chipata, dzuwa likung'anima pa phiko. Kanali kokongola, sindinama. Ndinakayang'ana mpaka kanasanduka kadontho, ndipo mpando wanga unali momwemo, ukuona minda yonse ija popanda ine.

Atabwera masana, a Mwanza anamva nkhaniyo kwa anthu ine ndisanatsegule pakamwa. Anagwira mutu ndi manja awiri. "Ine ndimayesa mwachita mantha! Mukadagwira mchira uja tikadafa tonse!" Ulendo wachiwiri panalibe. Mipando yonse inadzaza dokotala ndi mabokosi ake, ndipo kandegeko sikanabwerenso.

Pobwerera ku Zemba ndinkapalasa njinga, a Sakala ali pa keriyala akundizula chisoso pamsana. Anadikira mpaka titawoloka dambo.

"Aphwanga," anatero, "musadandaule kwambiri. Diso ili ndi latsopano, silinganame. Pamene munalumpha paja, miyendo yonse iwiri inachoka pansi. Munali m'mwamba ndithu. Kalembeni kanthawi kameneko, maola ena adzabwera pambuyo."