Tsiku Limene Ndinathamangitsa Maliro a Wedisoni

Ndani waseka? Ndamva wina waseka kuseri kwa chidebe cha thovucho, aonekere! Inu amuna a pa kawashi ya pa Kambuzuma pano, mwangotsuka magalimoto a eni ake awiri atatu basi mwasanduka akatswiri, mukundiuza ine Mbewe kuti giya ya pamanja inatha ntchito, eti masiku ano galimoto ya liwiro ndi ya otomatiki chifukwa kompyuta imasintha magiya munthu asanaphethire. Mukuuza ine! Ine amene ndinakalambira pa fakitale ya magalimoto ku Willowvale, kumene galimoto iliyonse isanatuluke pa geti inkayamba yalawa phazi langa lamanzereli! Tsekani mpopiwo, khalani pansi, ndipo amene anene kuti ndikunama akwere kombi apite ku Rugare akafunse aliyense wa imvi.

A Wedisoni Phiri anali mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Makolo athu anachokera limodzi ku Malawi kudzagwira ntchito ya njanji, ife n'kukulira m'nyumba zoyang'anizana ku Rugare. Atadwala matenda awo omaliza anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mbewe, ana angawa Chichewa amangochimva cha pamwamba, ndiye ndikuuza iwe. Mudzandigoneke konkuno ku Harare, pafupi ndi mayi a Tendai. Kumudzi kulibe ondidziwa." Ine ndinalumbira, ndipo Mbewe akalumbira walumbira.

Tsiku loika maliro, m'mawa dzuwa litangokwera, bokosi linafika pakhomo, amayi a tchalitchi akuimba, abusa atatsegula kale buku, ndiye tinati titsegule chivundikiro anthu aone nkhope. Abale anga! M'bokosimo munagona bambo wachilendo, wandevu zofika pachifuwa, pamene a Wedisoni chibadwire chibwano chawo chinali see ngati dzira. Kunapezeka kuti kumalo osungirako mitembo kunagona a Phiri awiri, mabokosi awo anakhoma kalipentala mmodzi wa ku Glen View, ofanana ngati mapasa, ndipo a Phiri andevuwa ndiwo ankayenera kupita kwawo ku Ntcheu. Lole yawo inali itanyamuka kale m'bandakucha, itasenza mnzanga. Tinaimba foni ya dalaivala kakhumi, osalowa. Mukumva? Loleyo ikangowoloka malire pa Nyamapanda ndiye kuti zatha, a Wedisoni akagona pakati pa anthu osawadziwa, lumbiro langa lasanduka malovu.

Tendai, mwana woyamba wa malemu, munthu wamkulu wa ana ake kale, wogwira ntchito ku Joni, anaima pakati pa bwalo misozi ili chuchuchu. "Toita sei, sekuru?" Ankandifunsa m'Chishona chakecho kuti titani, amalume. Ine ndinangoloza galimoto yake. Anabwera nayo kuchokera ku Joniko, yofiira, ya zitseko ziwiri, yogwada pansi ngati buluzi, yoti ikalira agalu a ku Rugare konse ankalowa pansi pa bedi. Ndinati bweretsa makiyi, iwe sungayendetse uli chonchi. Tinakweza a Phiri andevu padenga, tinawamanga ndi waya woyanikira zovala ndi zitenje zisanu zimene amayi anavula pomwepo, ndipo ndinauza abusa kuti asatseke bukulo, ndibwera dzuwa lisanalowe.

Nditakhala pa mpando, phazi langa lamanzere linapita kukafuna klatchi, linaponda mphepo. Ndinafufuza pansi, palibe. Dzanja linapita pa ndodo ya magiya, linapeza kabatani ngati ka wailesi. "Ingoikani pa D, sekuru, imadzisinthira yokha," anatero Tendai. Ndinati D ndani, ndi mbale wako? Magazi anayamba kuwira pomwepo.

Sindinama, liwiro inali nalo. M'tauni tinadutsa ngati mwala wa legeni. Koma titalowa msewu wa ku Mutoko ndi pamene ndinadziwa kuti ndakwera chinthu chamwano, chifukwa ndikafuna kupitirira basi pa chitunda iyo inkayamba yaganiza kaye ngati mlamu wopemphedwa njinga, ndikafuna kuti igwire giya yachitatu pokhota iyo inkalumphira yachisanu ndi chiwiri, ndikayandikira mzere woyera chiwongolero chinkandikoka dzanja ngati ndine mwana wopita kusukulu, ndipo mkati mwa galimotomo munali mayi wina wosaoneka wolankhula Chingerezi cha m'mphuno, kundiuza ine pokhota, ine amene msewu umenewu ndinauyenda usanathiridwe phula! Itaona chithunzithunzi cha mbuzi inadzimangira yokha mabuleki mpaka a Phiri padenga anagunda mutu. Tendai anati ndigwiritse ntchito timakutu tiwiri ta kuseri kwa chiwongolero, eti timeneto ndiye magiya a pamanja. Ndinakoka kakhutu kamodzi, galimoto inalira pii, n'kukana. Kukana! Munaona kuti khasu lokana mlimi?

Tikuyandikira pa Murehwa tayala linagwa m'dzenje limodzi lokha, dzenje loti kombi ya kuno imalidutsa dalaivala akuwerenga uthenga pa foni, basi timagetsi tonse ta kutsogoloku tinayaka ngati ziphaniphani, galimoto n'kudzitsekera m'giya imodzi, n'kuyamba kukwawa. Ndinaponda moto mpaka nsapato inaboola pansi, osatheka. Ngolo ya ng'ombe inatipitirira. Mayi wina wosenza nkhuni anatipeza, anatipepesa maliro, anatifunsa kuti malemuwo anadwala chiyani, n'kutisiya m'mbuyo. Tendai anati ikudziteteza yokha kuti isawonongeke, ndipo singachire pokhapokha ailumikize ku kompyuta ya ku Joni. Kudziteteza! Bambo ake akubedwa masana dzuwa likuswa mtengo, chitsulo chikudziteteza!

Pamenepo ndiye ndinapsa mtima, kupsa koti thukuta likagwera pa phula linkachita utsi. Ndinaimika galimoto pa masitolo ena a m'mbali mwa msewu. Kuseri kwake kunali chiphapha cha bhaki, galimoto yakalekale yonyamula katundu, chimene anthu ankagonekamo nkhuku. Ndinapepesa thadzi limene linkafungatira mazira pamenepo, ndinalisuntha ndi chisa chomwe, ndinazula giyabokisi ya bhakiyo ndi manja awiriwa ngati ndikuzula chinangwa, ndinabwera nayo paphewa, ndinatukula galimoto ya Tendai ndi bondo limodzi popeza jeki panalibe, a Phiri ali padenga pomwepo osagwedezeka, ndinamasula chigiyabokisi chamwanocho ndi zikhadabo n'kuchiponya kutali moti ndikumva kuti chinakagwera m'damu la ku Mazowe, ndipo asodzi a kumeneko mpaka lero amadabwa kuti nsomba zawo zimasintha liwiro zokha. Mukumva? Ndinalowetsa ya bhaki ija, mabauti ndinamanga ndi mano awa, n'chifukwa chake awiri akutsogolowa mulibe. Ndodo ya magiya ndinaika mpini wa khasu. Klatchi ndinabwereka chopondera cha makina osokera kwa telala wa pakhonde la sitolo. Mayi wa Chingerezi uja atayamba kudandaula ndinamuuza mawu awiri okha a Chichewa chakale, anakhala chete mpaka lero. Ntchito yonseyi ndinaimaliza chimanga chimene mayi wina anaika pamoto titangofika chisanapse mbali imodzi.

Ndiye ndinakhala pansi, phazi lamanzere linapeza chopondapo, ndipo ndinamva mtima wanga ukubwerera m'malo mwake. Wani! Galimoto inadzuka ngati yalumidwa ndi mavu. Thu! Masitolo aja anasowa. Fili! Ngolo ija tinaipitirira mpaka ng'ombe zinatembenuka zokha kuyang'ana kumene zinachokera. Folo, faifi, ndipo giyabokisi ya bhaki imathera pamenepo, koma ine ndinali ndisanathe, ndinakankha mpini uja pakona ina imene azungu opanga magalimoto sanaidziwe n'kupeza ya sikisi, ndinaupotoza n'kupeza ya seveni, ndinaumenya ndi chigongono n'kulowa giya ina yopanda dzina imene ndinailowapo kamodzi kokha m'moyo wanga, ndipo kuyambira pamenepo maenje a mumsewu sitinkawamvanso chifukwa tayala linkafika tsidya lina dzenje lisanadziwe kuti kwabwera munthu. Wapolisi wina anatiloza ndi kamakina kake koyezera liwiro, kanasungunuka m'manja mwake ngati kandulo. Tinalowa mumvula n'kutulukamo osanyowa, madontho ankagwa ife titapita kale. Pa Mutoko amayi anali atayala tomato wosapsa m'mbali mwa msewu, mphepo yathu yotentha itawomba yense anafiira psuu, ndipo amayi aja amandidalitsa mpaka lero. Chithunzithunzi cha galimoto chinatopa, chinatsalira pa mlatho wina, chinadzafika ku Rugare patapita masiku awiri chikutsimphina. Tendai anatsegula pakamwa kuti akuwe tili pa Mutoko, mawu ake anatipeza titaima kale. Ndikulumbira pali manda a mnzanga!

Loleyo tinaipeza pansi pa mlambe, malire a Nyamapanda asanafike. Ndinatsika mawondo ali gwa, ndinapita kwa mkulu wa banja lija, bambo wina wa chipewa chakuda, ndinavula changa n'kunena kuti, "Pepani bambo, mwatenga Phiri wathu, wanu ndi uyu tabwera naye." Sanakhulupirire. Tinatsitsa bokosi padenga, tinatsegula, anthu onse n'kubwerera m'mbuyo, eti uyu si wathu, wathu anali ndi ndevu. Ndinasuzumira, zoonadi chibwano chili mbee. Mphepo ya liwiro lija inalowa pa kampata ka chivundikiro n'kuwameta bambo aja bwinobwino. Ndevuzo ndinazipeza zitaunjikana kumapazi, ndinazibwezera pamalo pake, mlongo wawo anangoti, "Achimwene!" n'kugwa pansi kulira.

Kenako anatsegula bokosi la m'lole. A Wedisoni anali gone mmenemo, tayi yawo yabuluu itapindika pang'ono. Tendai anagwada, anaiwongola, n'kunena m'Chichewa chothyokathyoka kuti, "Bambo, tiyeni kunyumba." Pamenepo, ndisaname, m'maso mwanga munalowa fumbi.

Pobwerera sindinalowe giya yopanda dzina ija, mnzanga sankakonda liwiro. Komabe tinafika ku Rugare abusa chala chili pa vesi lomwe lija. Tinawagoneka a Wedisoni pafupi ndi mayi a Tendai dzuwa likadali pamwamba pa mitengo, ndipo dothi loyamba ndinaponya ndine. Tendai anabwerera ku Joni pa basi. Galimoto anaitumiza pa lole, ndipo mpaka lero sandiimbira foni, eti ndinamuwonongera chuma. Kuwononga! Ndinaipatsa ulemu galimoto imene ija, inali isanayendetsedwepo ndi munthu chiipangireni!

Ndiye inu mukabwera ndi nkhani zanu za kompyuta yosintha magiya msanga, ndikufunsani: msanga kupita kuti? Kumene ikufuna iyo kapena kumene ukufuna iwe? Tsiku limene zinthu zavuta, munthu umafuna chitsulo chomvera, choti ukati tife tonse chiyankhe kuti chabwino bwana, osati chokuuza kuti chikudziteteza.

Iwe Fanuelo, ukung'ung'udza chiyani kumeneko? Lankhula mokweza. Eya, amalume ako anali pa lole ija, ndiye bwanji? Anakuuza kuti chiyani? Chabwino. Chabwino! Ndi zoona, loleyo sitinaipeze ikuyenda. Inali itaima pansi pa mlambe paja kuyambira m'mawa, klatchi itapsa, fungo lili guu, dalaivala atagona pansi pake foni itatha moto. Ngakhale tikanakwera ngolo ya ng'ombe ija tikanaipeza. Ndipo poti mwaganiza zondivula pagulu, ndinena ndekha musanandinenere: klatchi imeneyo anaimanga ndine, sabata yomweyo, kuseri kwa nyumba yanga, ndipo mbale yake ndinaiika chagada.

Mukusekanso? Sekani, mbuzi inu! Koma muganize bwino. Lole imene ija ikanakhala ya otomatiki, yopanda klatchi yoti Mbewe aimange mopotoka, bwenzi pano a Wedisoni ali ku Ntcheu!